Ma producer anzanga, mumapeza bwanji anthu okutsatirani pa Facebook ndi TikTok?

Chawama_Beats
Abale muli bwanji. Ine ndili ndi ka studio kuseri kwa nyumba ku Chawama, laputopu imodzi ya FL Studio (pulogalamu yopangira nyimbo), maiki ndi masipika awiri basi, chino ndi chaka chachinayi ndikupanga ma beat. Chimene chikundiwawa ndi ichi, nyimbo ikatuluka woimba amaika pa peji yake anthu nkukomenta kuti moto moto, ena mpaka kuvinira pa TikTok, koma ine amene ndinachezera usiku onse kukonza bass palibe olo mmodzi odziwa dzina langa. Ndikaika beat pa peji yanga ma like sapitilira khumi. Kodi akuluakulu aja amachita bwanji kuti anthu aziwayankha choncho, kapena ndilipire boost kuti Facebook iwonetse ma post anga kwa anthu ambiri? Ndithandizeni chonde mtima wayamba kufooka

Amalume_aKabwata
Mphwanga usafooke. Ife tinaona nthawi ya kampani yojambula nyimbo ya Mondo Music, masiku amene JK ndi Black Muntu amamveka mu minibasi iliyonse, nthawi imeneyo chipata chinali pa wailesi, DJ wa pa Radio Phoenix kapena ZNBC akapanda kuikonda nyimbo yako ndiye kuti yafera mu kabati ndipo wopanga nyimbo timangomuwerenga kuseri kwa kaseti mu tizilembo ting'onoting'ono. Lero chipata chili mthumba mwako, ungochigwiritsa bwino.

Taona DJ Mzenga Man, sanadikire kuti oimba amutchule, amatulutsa nyimbo mdzina lake ndipo oimba ndi amene amabwera ngati alendo, cypher yake ya kumapeto kwa chaka, nyimbo imene ma rapper ambiri amasinthana ma verse pa beat imodzi, anthu amakangana mu ma komenti kuti waphika bwino ndani. Producer KB wa K-Army nayenso anthu amamudziwa nkhope osati dzina lokha. Ndiye funso langa, uli nayo tag? ka mawu kaja kotchula dzina lako nyimbo ikamayamba. Ngati ulibe siya za boost ukajambule lero lomwe. Ndipo munthu asanatuluke mu studio mugwirizane kuti poika nyimbo alemba Prod. by iwe ndi kukutaga, uzinena musanayambe kujambula chifukwa nyimbo ikagunda foni yako sayankhanso

MwanaWaMatero
Ine sindine producer, ndine chabe okonda nyimbo, koma lekani nikambeko mbali yathu ife ogula ma bundle. Beat yopanda kanthu na chithunzi chimodzi sinimvela mpaka kumapeto, bundle ya Airtel siyochita kutola. Koma mukaika kavidiyo kafupi mukuyamba na ng'oma, kenako gitala ya kalindula, woimba alakwitsa museka mubwelezanso, apo niima nipenyelela mpaka nitumilako anzanga. Tifuna kuona mmene nsima iphikidwila achimwene.

Mu 2023 Yo Maps atadzaza Heroes Stadium ine ninaliko, ndipo chimene chinanipititsa sichinali poster iyayi, masabata angapo Facebook yonse nkhani inali imeneyo, ena akuti sangadzaze ena akuti adzadzaza, mpaka tinayamba kuona monga show ni yathu tonse ndipo ikalephela manyazi ni athu. Koma kuli woimba wina sinimutchula, ninamukonda kuyambila alibe olo vidiyo imodzi, nyimbo zake ninali kushea mu ma gulupu onse, manje anatchuka peji anapatsa admin, uyo admin amaonekela chabe pakakhala ma ticket ogulitsa. Amai anga atamwalila ninamulembela kuti nyimbo yake ndiye inanilimbitsa pa malilo, yankho inabwela link ya show. Zinanipweteka kwambili ndipo ninaleka kumutsatila. Inu muli na anthu khumi, ayankheni onse khumiwo na dzanja lanu, mayina awo muwadziwe

Tiya_Digital
Pepani asisi ndi za amayi.

Achimwene a ku Chawama, ine ndimayendetsa ma peji a oimba awiri ndiye ndinena zimene ndaona. Boost siyoipa koma imangokankha chinthu chimene chayamba kale kuyenda, mukaika ndalama pa post yozizira mwangotaya. Ogulitsa ma followers athaweni, amakupatsani ma akaunti abodza, nambala ikwera koma palibe amene akomente ndipo Facebook ikaona anthu ambiri osayankha imachepetsanso amene ikuwaonetsa zinthu zanu.

Pa TikTok ikani beat ngati sound yanu nokha dzina lanu lili pomwepo, muitane anyamata a mu komboni aimbirepo ma verse, amene wachita bwino mumujambule ulere, aliyense woyesa amabwera ndi anzake. Komanso musamange nyumba yonse pa malo a eni. Mukukumbuka pa 12 August 2021 tsiku la mavoti WhatsApp ndi Facebook zitatsekedwa? komanso peji amatha kukuberani usiku umodzi. Manambala a anthu amene amakukondani zenizeni muzisunga mu foni ndi mu kope, mukatulutsa chinthu iwo azimva poyamba. Ndipo pitani ku ZAMCOPS, bungwe loteteza umwini wa nyimbo mu Zambia, mukalembetse ntchito zanu, ma like sagula unga koma nyimbo yolembetsedwa ikamaseweredwa pa wailesi dzina lanu limakhala mu mabuku

Chawama_Beats
Zikomo nonse, asisi a ku Matero pepani kwambiri, nkhani yanu yandikhudza moti ndabwerera pa peji ndayankha ma komenti onse mpaka a chaka chatha, mmodzi wayankha kale kuti ali ndi mng'ono wake woimba ku Kanyama. Amalume tag ndilibe, mlongo wanga wavomera kuti mawa akaweruka kusukulu abwere ajambule mawu. A Tiya funso lina, ku ZAMCOPS ndingalembetse beat yokha yopanda mawu kapena mpaka woimba tipite naye limodzi?