Mtsempha wa bambo wayamba kuuma, kodi tisiye mapiritsi a kashiamu?

Membala wosatchula dzina, Senga Bay:
Abale azachipatala muli muno, ndithandizeni. Bambo anga ali pa dialysis (kusefa magazi ndi makina impso zikalephera) ku Kamuzu Central. X-ray yaonetsa mtsempha waukulu wa m'mimba utayera ngati fupa, ndipo phosphate wa m'magazi ali pa 2.3 mmol/L. Kodi si mapiritsi a kashiamu (calcium carbonate) amene amamwawo akuumitsa mitsempha? Nanga usipa, poti ndiye ndiwo yathu?

Namwino wa odwala impso:
Pepani achimwene, koma musawasiyitse mankhwala panokha. Gwero la vutoli ndi phosphate, mchere wochokera m'zakudya, yemwe mwa munthu wabwinobwino amakhala pakati pa 0.8 ndi 1.5. Makina akagwira maola 4 amachotsa pafupifupi 800 mpaka 1000 mg, pomwe munthu amadya wochuluka chomwecho tsiku limodzi lokha. Phosphate akadzadza m'magazi, maselo a m'khoma la mtsempha amayatsa puloteni yotchedwa Runx2 n'kuyamba kuchita ngati maselo opanga mafupa. Mtsempha ukauma, mtima umapopa movutikira mpaka umakula.

Mapiritsiwo ntchito yake ndi kugwira phosphate m'matumbo, choncho azimwa akuyamba kudya, mbamu yoyamba ikangolowa. Akamwa m'mimba mulibe kanthu, kashiamu amangolowa m'magazi, ndipo apo nkhawa yanu ndi yoona. Piritsi la 1250 mg lili ndi kashiamu 500 mg, asapitirire kashiamu 1500 mg pa tsiku. Afunseni adokotala za sevelamer, mankhwala ena ogwira phosphate omwe alibe kashiamu.

Dokotala, Nkhotakota:
Thupi lili ndi alonda ake. Fetuin-A amapangidwa m'chiwindi, amamanga kashiamu ndi phosphate m'magazi kuti asakhazikike m'mitsempha, koma amachepa thupi likamalimbana ndi matenda. N'chifukwa chake katheta wa pakhosi (kapaipi kolumikizira makina) asamanyowe kapena kugwiridwagwiridwa, kuopa majeremusi. Mlonda wina ndi matrix Gla protein, amene sagwira ntchito popanda vitamini K. Warfarin, mankhwala oletsa magazi kuundana, amatsekereza vitamini ameneyu, ndiye ngati bambo amamwa, adokotala a impso adziwe. Ayezetsenso PTH, homoni yowongolera kashiamu ndi phosphate m'magazi. Mukaona zigamba zofiirira zowawa kwambiri pantchafu kapena pamimba, musadikire tsiku la dialysis, ikhoza kukhala calciphylaxis, matenda oopsa a kuuma kwa timitsempha ta pakhungu.

Wofunsa:
Warfarin samwa. Ndiye nsomba tisiyiretu?

Katswiri wa kadyedwe:
Ayi, wa dialysis amafunika zomanga thupi zambiri. Vuto la usipa ndi utaka ndi loti timadya ndi minga yomwe, ndipo phosphate wadzadza m'mingamo. Apatseni mnofu wa chambo kapena kampango, wowiritsa, msuzi woyamba mutataya. Dzira adye loyera lokha. Koma choyamba kuchotsa ndi zakumwa zakuda za kola, soseji ndi poloni: phosphate wothira ku fakitale amalowa m'magazi pafupifupi yense, pomwe wa m'nyemba ndi mtedza amalowa wosapitirira theka. Nyembazo zili ndi potaziyamu wambiri, mchere winanso wovuta kwa odwala impso, ndiye aziona zotsatira za magazi asanawonjezere.