Eyakoni kapena cooler ku Ngabu: ndalama ya chipereganyu ndiponye pati?

Mayi a Chisomo (Ngabu): Abale, ndithandizeni maganizo ndisanataye ndalama. Mwezi uno chipereganyu chagwera ine, ndiye ndikufuna kugula choziziritsa kuchipinda Okutobala asanafike. Chaka chatha tinkakhala pakhonde mpaka pakati pa usiku chifukwa m'nyumba simunkalowedwa. Ndikatsegula mawindo, fumbi la mumsewu limadzaza paliponse, pomwe mwana wanga wachiwiri ali ndi mphumu. Ndikatseka, timapsa. Ku Limbe andionetsa eyakoni yaing'ono ya 9,000 BTU (muyeso wa mphamvu yake yoziziritsa) ndi china chothira madzi chomwe akuti air cooler. Ndalama ya eyakoni, kuphatikiza ya woyika, ikhoza kugula ma cooler angapo. Nyumba ndi ya lendi, yamalata, yopanda siling'i. Eyakoniyi ndigule, kapena ndikungotengeka?

Bambo a Tadala (Nchalo): Mayi, gulani eyakoni osayang'ananso kumbuyo. Kuchigwa kuno dzuwa likafika madigiri 40, fani imangokupemererani moto kumaso. Chiyikireni yanga ndimagona ngati munthu, m'mawa ndimadzuka mutu uli bwinobwino. Fumbinso nkhani yake imathera pomwepo, chifukwa mumatseka mawindo onse ndipo makinawo ali ndi sefa yake. Zotchipa zimadula kawiri.

Fundi wa Magetsi (Limbe): Bambo a Tadala, ndifunse kaye. Kwanuko siling'i ilipo?

Bambo a Tadala (Nchalo): Ilipo, ya mabolodi. Nanga zikukhudzana bwanji?

Fundi wa Magetsi (Limbe): Zikukhudzana kwambiri bwana. Inu ndi mayiwa simuli m'nyumba zofanana. Eyakoni imagwira bwino m'chipinda chotsekeka: imazizitsa mpweya womwewo mobwerezabwereza, ukafika pomwe mwatchera, kompuresa, yomwe ndi injini yake yozizitsa, imapuma. Pamene ikupumapo ndi pomwe mayunitsi amapulumuka. Tsono nyumba zathu zopanda siling'i, makoma am'kati safika kudenga, pakati pa khoma ndi malata pali mipata, ndipo malatawo masana amatentha moti simungayikepo dzanja. Mukayatsa eyakoni mmenemo, mukuzizitsa pabalaza, kukhitchini ndi panja pomwe. Kompuresa sipuma.

Tiwerengere limodzi. Ya 9,000 BTU imadya mawati pafupifupi 800. Ikayenda maola 8 osapuma, ndi mayunitsi 6 ndi kenakake usiku umodzi. Pamwezi mukuyandikira mayunitsi 190, usiku wokhawokha, osawerengera firiji ndi zophikira. Fani yoimika pansi ya mawati 50, maola omwewo, pamwezi imadya mayunitsi 12. Cooler ya mawati 100 imadya 24. Mayi a Chisomo, onani pa SMS yomaliza kuti mayunitsi amene munagula anali angati pa ndalama zingati, muchulukitse nokha. Ndisakuuzeni mtengo ine, chifukwa MERA ikasintha mudzati fundi ananama.

Mayi a Chisomo (Ngabu): Mayo ine! 190? Ife pamwezi nyumba yonse sitifika pamenepo.

Bambo a Tadala (Nchalo): Achimwene mukuwaopseza mayiwa. Masiku ano kuli za inverter, sizidya choncho. Yanga mita siithamanga mmene mukunenera.

Fundi wa Magetsi (Limbe): Za inverter zimasungadi, sindikukana. Koma zimasunga chipinda chikazizira, pomwe injini imatsitsa liwiro. Chipinda chikamakana kuzizira, nayonso imathamanga mpaka mapeto. Yanu ikusunga chifukwa cha mabolodi aja, osati chifukwa cha dzina lolembedwa pabokosi.

Anaphiri (Bangula): Ine ndili ndi cooler, ndiye ndinene zomwe ndaona. Kuyambira Seputembala mpaka mvula isanagwe imathandiza zedi. Siifika pa eyakoni ayi, koma mphepo yake imabwera yozizirira, mwana amagona. Ambiri amalakwitsa potseka chipinda. Imafuna muiyike pafupi ndi windo lotsegula, kwinanso mutsegule pang'ono kuti mpweya uzituluka. Mukatseka zonse, pakatha ola chipinda chimachita nthunzi, zofunda zimanyowerera. Madzi imamwa ndithu, usiku wouma kwambiri chigubu cha malita 20 chimatsala pang'ono kutha.

Chinanso, asisi, madzi a m'mijigo yambiri kuno kwathu ndi amchere, inu mukudziwa. Mcherewo umaumira pa kasiponji kakumbuyo, kamachita zoyerayera n'kuuma gwa, madzi osayendanso. Ine ndimathiramo a kumpopi, ndipo kasiponjiko ndimatsuka Loweruka lililonse.

Alamu a ku Nkhotakota: Cooler? Musandikumbutse. Yanga ili pakona, ana amayikapo zikwama za kusukulu. Ndinagula mu Januwale, ndinkangomva ngati ndafunda bulangete lonyowa. Ndi fani yodula basi, yovala jekete.

Anaphiri (Bangula): Alamu, inu mumakhala m'mphepete mwa nyanja, ndiye munagulanso pakati pa dzinja. Mumayembekezera chiyani?

Fundi wa Magetsi (Limbe): Onse awiri akunena zoona. Cooler imagwira ntchito ngati mtsuko wa agogo: madzi amazizira chifukwa ena akutuluka thukuta kunja kwa mtsuko n'kumauma ndi mphepo. Mpweya ukakhala wouma, madzi amauma msanga, kuzizira kumamveka. Mpweya ukakhala kale ndi chinyezi, monga kunyanja kapena mvula ikayamba, madzi alibe kopita, ndiye mwatsala ndi fani wamba. Ku Ngabu ikutumikirani Seputembala, Okutobala ndi Novembala. Disembala mpaka Malichi kumatenthabe, koma pamenepo muziiyatsa yopanda madzi.

Mayi a Chisomo (Ngabu): Ndiye apa ndaona vuto. Ngati cooler ikufuna windo lotsegula, fumbi lija silibweranso? Ine chondidetsa nkhawa kwenikweni ndi chifuwa cha mwanayu. Ogasiti akangolowa, magalimoto ndi ngolo zikamadutsa, pa tebulo mukhoza kulembapo dzina masana omwewo mutapukuta m'mawa.

Bambo a Tadala (Nchalo): Mwaonatu! Ndi zomwe ndimanena ine.

Anamwino Athu (Chikwawa): Ndilowepo pa za mwanayo. Kasiponji konyowa kamagwirako fumbi lalikululikulu la mpweya umene wadutsa m'makinamo, koma losalala lija limadutsabe, ndipo lolowera pawindo pambali silimufunsa munthu. Choopsa china n'chakuti thanki ikakhala ndi madzi akale, mumamera nkhungu ndi tizilombo, makinawo n'kumaziuzira pa mwana wa mphumu usiku wonse. Ngati mungagule, madzi otsala muzikhuthula tsiku ndi tsiku, thanki iziuma masana. Komanso musaganize kuti eyakoni ndi mankhwala. Sefa yake ndi kaukonde kogwira fumbi lalikulu, ndipo kumalo afumbi ngati kwathu kuno imafuna kutsukidwa pakatha masabata awiri aliwonse. Ikatsekeka, imadya magetsi ambiri n'kumabweza fungo lachuku.

Zomwe zimathandiza kwambiri mwana wotere ndi zosagula. Musasese pouma iye ali m'nyumba, wazani madzi kaye kapena kolopani. Popukuta mipando gwiritsani ntchito kansalu konyowa, osati kukutumula. Kapeti m'chipinda chake ichoke. Mawindo oyang'ana kumsewu atsekedwe masana, muzitsegula akumbuyo usiku fumbi litakhazikika. Pansi pa chitseko ikanipo chiguduli chonyowa.

Za fani, a Tadala sananame. Malangizo a bungwe la WHO akuti kutentha kukapitirira madigiri 40, fani imawonjezera kutentha m'thupi. Masana otere nyowetsani chitenje mudzifunditse, mumwe madzi pafupipafupi. Usiku kukatsikako, fani imagwira bwino. A WHO omwewo amati amene ali ndi eyakoni aitchere pa 27 n'kuyatsanso fani, osati pa 16 ngati mukusunga nsomba.

Bambo a Tadala (Nchalo): Aaa anamwino, pa 16 ndimayika ndikangofika kuchokera kuntchito basi kkkk.

Fundi wa Magetsi (Limbe): Ndipo kuyika pa 16 sikufulumizitsa kanthu bwana, kumangoichititsa kuti isaime.

Ankolo a ku Joni: Mphwanga, ngati ndi eyakoni usagule kumeneko. Kuno zogwiritsidwapo kale ntchito zilipo zambiri, ndikhoza kukweza pa basi ifike ku Blantyre. Zinthu zakunja kwathuko zinakwera kwacha itatsitsidwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, sizinatsikenso.

Fundi wa Magetsi (Limbe): Ankolo, ndi ulemu wonse, zomwe zimabwera pa basizo ndi zomwe zimandidyetsa ine. Zambiri zimafika gasi atathawa chifukwa wochotsa sanabwezere gasiyo mu injini asanamasule mapaipi. Mwiniwake amalipira msonkho pa Mwanza, kulipira woyika, kulipiranso gasi, ndipo ikafa palibe pepala loti akadandaulire.

Ankolo a ku Joni: Ine ndimangofuna kuthandiza. Koma zoona, yomwe ndinatumizira achemwali inavutadi gasi.

Anachisale (Nsanje): Ana inu mwalankhula za makina okhaokha. Magetsi akazima nanga? Mwaiwala kale 2022? Namondwe Ana atawononga damu la Kapichira pomwepa pa Chikwawa mu Januwale, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo zinatenga kupitirira chaka kuti makina abwerere. Nthawi imeneyo a eyakoni ndi ife tinkagona pamphasa imodzi panja. Ine nyumba yanga kumadzulo kuli mitengo ya nimu iwiri, khoma la kuchipinda silionana ndi dzuwa lamadzulo. Khonde ndi lalitali, pabwalo ndinadzala kapinga ndipo ndimathirira ndi madzi otsukira mbale. Fumbi lochokera pabwalo panu lomwe nalonso ndi lochuluka, kungoti timakonda kusesa mpaka dothi liwale.

Mayi a Chisomo (Ngabu): Amayi mwanena zoona, koma nimu ndidzale lero pa nyumba ya eni, mthunzi adzakhalepo wina? Ine Okutobala ndi uyu.

Anachisale (Nsanje): Ndiye yalani mphasa zakale kapena mikeka kunja kwa windo lakumadzulo, dzuwa lisagunde galasi. Katani yam'kati imatchinga kuwala, koma kutentha kumakhala kutalowa kale.

Anaphiri (Bangula): Pa za kuzima kwa magetsi, pali mafani ochajitsa aja, ena amabwera ndi kasola kake. Wanga pa liwiro lotsika amandifikitsa pakati pa usiku. Ndipo cooler ya mawati 100 ikhoza kuyenda pa sola yapakhomo yapakatikati. Eyakoni kuti iyende usiku pa sola, mabatire ake okha aposa mtengo wa eyakoniyo.

Anamwino Athu (Chikwawa): Fani yochajitsayo ndikuivomereza pa chifukwa china. Kukatentha anthu amakankhira neti kumbali kapena kukagona panja opanda neti, ndipo malungo kuchigwa kuno sachita nthabwala. Kafani kakang'ono koloza pa bedi kamathandiza kuti mwana apirire m'neti.

Bambo a Tadala (Nchalo): Chabwino, ndamva zonse. Koma ine ndikuti musawanyengerere mayiwa kuti azikhutira ndi zochepa. Munthu wogwira ntchito tsiku lonse akufunika tulo. Amene sanagonepo ku Ngabu mu Novembala asamaweruze ali ku Limbe komwe amafunda bulangete mu Juni. Chipinda chimodzi chokha, siling'i yake si ya ndalama zoopsa. Ayike siling'i, agule eyakoni, aziyatsa maola atatu ogonera, kenako fani ipitirize. Mayunitsi sangafike komwe fundi akunenako.

Fundi wa Magetsi (Limbe): Apo ndiye tikugwirizana, mwayamba ndi siling'i. Maola atatu m'chipinda chotsekeka ndi mayunitsi awiri kapena kuchepera. Koma pa nyumba ya lendi pali zina. Kuyika kumafuna kuboola khoma, landilodi avomere. Tsiku losamuka mulipiranso fundi wochotsa ndi woyika kwina. Mawaya a nyumba zambiri za lendi ndi opyapyala, eyakoni imafuna waya wake kuchokera pa bokosi ndi buleka yake. Muwonjezerepo kachipangizo koteteza magetsi akabwera mwamphamvu, kamene kamadikira mphindi zingapo kasanalole kompuresa kuyakanso. Zonsezi pa mtengo wa m'shopu sizilembedwa.

Ine ndikanakhala mayiwa, chaka chino ndalama ikanapita pa siling'i ya chipinda cha ana, ngakhale ya mapulayi. Imatchinga moto wa malata, imatchinganso fumbi logwa kuchokera kudenga, lomwe anthu saliganizira. Landilodi akalola, malata apakidwe penti yoyera pamwamba, amatentha mochepa kuposa akuda kapena adzimbiri. Chotsala mugule fani yabwino.

Alamu a ku Nkhotakota: Kapena mugule cooler yanga, ndikuchotserani mtengo, zikwama tipeza poyika.

Anaphiri (Bangula): Alamu musaseke, ku Ngabu ikhoza kugwiradi ntchito imeneyo. Koma kasiponji kake kakhala nthawi yaitali, kayenera kusinthidwa kasanayandikire mwana wa mphumu.

Mayi a Chisomo (Ngabu): Zikomo nonse. Eyakoni ndaiyimika kaye, osati ndaikana, a Tadala musakhumudwe. Mawa ndikaonana ndi alandilodi, ndikawapemphe kuti ndiyike siling'i zipinda ziwiri, ndalamayo tizidula pa lendi pang'onopang'ono. Akakana, ndiyika cha ana chokha. Cooler ndikuikayikirabe chifukwa cha windo lotsegulalo. Afundi, mapulayi ndi mabolodi oyera aja, abwino ndi ati kumalo kuno kwa chiswe?

Fundi wa Magetsi (Limbe): Chiswe chimayamba ndi matabwa ogwirira, ndiye amenewo apakidwe mankhwala asanakhomedwe. Mabolodi oyera amaopa madzi, denga likamadontha amafufuma n'kugwa, choncho kalipentala ayambe wakwera pamwamba kuona mabowo a misomali. Ndipo asatseke mipata yonse ya pakati pa khoma ndi malata, ayikemo waya wa sefa kuti mpweya wotentha wa pamwamba pa siling'i uzituluka koma mileme isalowe. Mundiuze kukula kwa zipindazo, ndikuwerengerani mabolodi ake.

Mayi a Chisomo (Ngabu): Tepi ndilibe, ndibwereka kwa aneba madzulo ano.