Kodi masilinda a mpweya osambirira pansi pa madzi ndingawapente bwanji?

Akuluakulu amene mumadziwa za kusambira pansi pa madzi, ndikupempha thandizo lanu. Ndili ndi masilinda atatu a mpweya amene ndimagwiritsa ntchito ku Nkhata Bay, awiri a aluminiyamu ndi imodzi yachitsulo, ndipo penti wake wayamba kusupuka. Nditachotsa chotetezera cha pulasitiki kunsi kwa silinda yachitsuloyo, ndinapeza dzimbiri lofiirira mozungulira, pamalo pomwe madzi ankatsalira ndikatuluka m'nyanja.

Mmisiri wina anandiuza kuti awapake penti waufa amene amaumitsidwa mu uvuni, koma ndinakana, chifukwa aluminiyamu akatenthedwa kupitirira madigiri 175 Celsius amafooka, ndipo silinda yotereyo ikhoza kuphulika poidzaza mpweya kufika pa 200 bar (bar ndi muyeso wa kupanikizika kwa mpweya). Ndiye ndi penti wamtundu wanji amene amauma yekha popanda moto, koma n'kupirira m'madzi? Nanga penti wakaleyo ndimuchotse ndi mankhwala kapena ndi sandipepala? Chimene ndikuopa kwambiri n'kufufuta manambala odindidwa paphewa pa silinda, amene woyeza masilinda amayenera kuwawerenga. Pa yachitsuloyo, kodi woyezayo ayambe waona kuya kwa dzimbirilo ndisanapake chilichonse, poti penti watsopano akhoza kubisa vuto?