Nyumba yakale ija tiikonze ikhale myuziyamu?

Atcheya: Moni nonse kumene muli. Nkhani ya nyumba yakale ija yabweranso. Achinyamata akuti tiikonze ikhale myuziyamu, tizisungiramo zinthu zakale ndi mbiri yathu. Lankhulani momasuka.

Msungichuma: Ndiyambe ine, poti thumba lili m'manja mwanga. Kufolera denga ndi kupaka penti tikhoza kusonkha, sindikukana. Koma riboni ikadulidwa, alendo atabalalika, adzasesa ndani? Mlonda adzamulipira ndani? Walira mvula walira matope, abale. Ndikuopa kuti pakatha zaka zitatu tidzapeza loko wadzimbiri pachitseko, m'kati chiswe chikudya mwamtendere.

Aphunzitsi opuma: Amsungichuma, mantha anuwo ndi oona, koma mukuganiza za myuziyamu ya magalasi ndi alonda a yunifolomu. Si yokhayo. Ku Cape Town kuli District Six Museum. Mu 1966 boma la tsankho linalamula kuti dera la District Six likhale la azungu okha, anthu oposa 60,000 anasamutsidwa, nyumba zawo n'kugwetsedwa. Mu 1994 eni ake anatsegula myuziyamu m'tchalitchi chakale cha Methodist. Pansi anayalapo mapu aakulu a misewu yawo, ndipo munthu ankagwada n'kulemba dzina la banja lake pamalo pomwe panali khomo lake. M'mwamba munapachikidwa zikwangwani zenizeni za misewu ija. Golide mulibe m'menemo. Muli mayina, zithunzi ndi zinthu wamba, koma anthu sakutha kupitako.

Anamwino: Ine ndikuwonjezera za umoyo. Okalamba ambiri amene ndimawaona, matenda awo theka ndi kusungulumwa. Palibe wowafunsa kanthu. Koma ingomufunsani gogo kuti chithunzi ichi ndi ndani, muona akuwongoka pampando, nkhani mpaka dzuwa kulowa. Ku Montreal mu 2018 madokotala anayamba kulembera odwala chikalata choti akacheze ku myuziyamu ulere, ngati mmene amalembera mankhwala.

Msungichuma: Achemwali, ku Montreal denga silidontha.

Anamwino: Ndiye tilikonze lathuli, achimwene 😂

Amalume: Sekani, koma ine changa simuchiona. Kunabwera mlendo wina wofufuza mbiri, waulemu zedi, anabwereka chithunzi chokhacho cha malemu bambo anga ati akachijambule. Mpaka lero. Pakhoma panatsala kachigamba koyera ndi msomali. Ndipo musaiwale kuti ma myuziyamu akuluakulu ena anadzaza ndi zolanda. Ziboliboli za mkuwa za ku Benin City, mzinda wa ku Nigeria, asilikali a Britain anazitenga mu 1897, Germany yadzayamba kubweza zake ku Nigeria mu 2022. Werengani zakazo.

Mlembi: Pepani amalume, izo n'zowawa. Ndiye lamulo loyamba likhale ili: chinthu chikhalebe cha banja lake. Gulu lingobwereka, tilembe m'kaundula dzina la mwini, tsiku, ndi mbiri yake, mwiniyo asayine. Akachifuna, atenge popanda kufunsidwa chifukwa.

Wa achinyamata: Zikomo akuluakulu. Ife sitikulimbira makoma ayi. Mu Seputembala 2018 myuziyamu yaikulu ya dziko la Brazil ku Rio de Janeiro inapsa usiku umodzi, itakwanitsa zaka 200, ili ndi zinthu pafupifupi 20 miliyoni. Munapsera ngakhale mawu ojambulidwa a zilankhulo za eni nthaka. Ngati ya boma inatha choncho chifukwa chosasamalidwa, yathuyi tisaike mtima pa nyumba yokha. Mafoni tili nawo. Tijambule chilichonse, tijambulenso mawu a agogo akadali moyo, tisunge m'malo awiri kapena atatu.

Aphunzitsi opuma: Mwanawe wanena zanzeru. Ngakhale bungwe la ma myuziyamu padziko lonse, ICOM, litakumana ku Prague mu 2022 linasintha tanthauzo la myuziyamu, n'kuikamo zoti anthu a m'dera azitengapo mbali ndiponso kuti ntchitoyo izikhala yokhalitsa. Komanso kukonza nyumba imene ilipo kale sikuwotcha njerwa zatsopano, mitengo ipumako.

Amalume: Mawu anga mukhoza kujambula. Mpando wa bambo ukhala kwanga.

Msungichuma: Chabwino, ndafewako pang'ono. Koma ndalama ya denga sinditulutsa ndisanaone mayina a anthu otsegula ndi kusesa, mwezi ndi mwezi, chaka chathunthu. Osati "tidzaona".

Atcheya: Zamveka. Achinyamata yambani ndi agogo asanu, mutitumizire muno timve. Alembi konzani kaundula. Amalume, mukhala oyamba kujambulidwa, Loweruka m'mawa.

Amalume: Abwere masana. M'mawa mawu anga sakhala bwino.