Zoyamwitsa magazi ku India pa vuto la mafuta m'chiwindi, tilipire kapena tisiye?

Mayi_wa_anyamata: Abale ndithandizeni maganizo. Abambo akunyumba sikani yawonetsa mafuta m'chiwindi, mowa samwa, ndiye tili kuno ku Kerala malo ena a Ayurveda (mankhwala achikuda a ku India) akuti tilipire raktamokshana, amaika misundu pakhungu iziyamwa magazi kapena kuboola mtsempha, akuti magazi oipa achoke chiwindi chipume. Mtengo wake ndi wowawa ndithu. Alipo anayesako?

Mkulu_wa_ku_Joni: Asisi yesani, njirayi ndi yakalekale, inalembedwa m'buku lakale la Ayurveda la Sushruta Samhita ndipo ili m'gulu la panchakarma, njira zisanu zoyeretsera thupi. Ngakhale ku America FDA, nthambi ya boma yoona za mankhwala, inavomereza misundu mu 2004.

Nesi_wausiku: Achimwene misundu inavomerezedwa inde koma pa ntchito ina, monga akalumikiza chala choduka magazi n'kumaunjikana pamenepo. Malovu ake ali ndi hirudin amene amaletsa magazi kuundana ndiye bala limatha kumangochucha maola ambiri, komanso msundu umakhala ndi tizilombo ta Aeromonas m'mimba mwake. Mafuta aja ali m'kati mwa maselo a chiwindi mayi, sayenda ndi magazi oyamwidwawo ayi.

Mkulu_wa_ku_Joni: Nanga kuchipatala sachotsa anthu magazi?

Nesi_wausiku: Amachotsa kwa amene ayironi wachuluka m'thupi, matenda a haemochromatosis, pamenepo zimathandizadi. Koma ku Australia anayesa pa odwala mafuta m'chiwindi, zotsatira zinatuluka mu 2015, ochotsedwa magazi sanasiyane ndi enawo. Chomwe chimagwira ntchito n'kuchepetsa thupi, 7 mpaka 10 pa 100 aliwonse a kulemera kwawo, munthu wa makilo 90 ataye pafupifupi 6 mpaka 9 pang'onopang'ono, chiwindi chimabwerera. Zakumwa zotsekemera asiye, tiyi wa masipuni atatu a shuga uja ayi, nsima mitanda ichepe, ayende wapansi tsiku lililonse.

Aunt_a_ku_Leeds: Ine chondiopsa ndi mankhwala akumwa amene amakupatsirani limodzi. Dokotala wa chiwindi Cyriac Abby Philips wa komweko ku Kerala wakhala akuchenjeza za zitsamba zowononga chiwindi ngati giloy. Chonde musamwetse abambowo chinthu osadziwa muli chani.

Mayi_wa_anyamata: Ndiye ndalamayi tipange nayo chani poti tafika kale kuno?

Nesi_wausiku: Kaonaneni ndi dokotala wa chiwindi, ayezedwe ferritin (yosonyeza kuchuluka kwa ayironi), shuga, hepatitis B ndi C, apangenso sikani ya FibroScan muone ngati chiwindi chayamba kuuma. Ferritin amatha kukwera chifukwa cha kutupa chabe ndiye pepala la zotsatira aliwerenge dokotalayo, osati ogulitsa misunduwo.