Python: ndiyambe ndaona ngati dzina lilipo, kapena ndingochotsa ndi try?

wa_ku_Santhe:
Akuluakulu ndithandizeniko. Ndikulemba kapulogalamu ka Python ka banki m'khonde ya mayi anga kuno ku Santhe, anthu alipo 42. Ndili ndi list ya angongole, munthu akabweza ndimamuchotsa ndi angongole.remove(dzina). Dzulo ndinalemba dzina loti mulibemo, pulogalamu inangofera pompo ndi ValueError azimayi ali pamphasa akudikira ndiwawerengere otsala, manyazi ake eeh. Ndiye ndaona njira ziwiri, ina ndi if dzina in angongole kenako remove, inayo ndi try kenako except ValueError: pass. Yabwino ndi iti? Ndinamva zoti try imachedwetsa.

kodi_ya_usiku:
Achimwene pa anthu 42 zochedwazo iwalani, simungazione nkomwe. Koma poti mwafunsa, in imayenda m'list kusaka dzinalo, ikalipeza remove imayambanso kusaka kuchokera kumutu, ndiye mwayenda kawiri ulendo umodzi. Ndi try mumayenda kamodzi basi, ndipo kuyambira Python 3.11 ya 2022 try payokha siidya nthawi kwenikweni ngati error sinabwere, imadya nthawi error ikabweradi. Ndiye ngati nthawi zambiri dzina limakhalamo try ili bho, ngati limasowasowa if ndi yabwinoko. Anthu a Python njira ya try amaitchula EAFP (ingochita, zikalakwika upepese), ya if amaitchula LBYL (yamba waona usanadumphe). Yesani nokha ndi timeit, yoyezera nthawi yomwe code imatenga, muone.

NaBanda_Mchinji:
Ine nkhawa yanga si sipidi ayi, ndi pass mwalembayo. Dzinalo linasowa chifukwa chani? Munthu sabwera ndi ndalama m'chitenje kudzabweza ngongole yomwe alibe. Mwina munalemba ndi chilembo chaching'ono pomwe mu list muli chachikulu, kapena kumapeto kuli space yosaoneka, kwa Python amenewo ndi anthu awiri osiyana. Mukaika pass pulogalamu ingokhala phee, mayi uja wabweza koma dzina lake likadali pa angongole, tsiku logawana ndalama mudzaona nkhondo yake. Ndipo if yopanda else nayo imabisa vuto lomwelo, musanamizike. Error ija inakuchititsani manyazi koma inkakuuzani zoona. Mu except muikemo uthenga woti dzinali silikupezeka, lembaninso. Chonde musamalembe except yokhayokha yopanda ValueError, imameza chilichonse ngakhale Ctrl+C yoimitsira pulogalamu.

wa_ku_Santhe:
Achemwali mwalasa. Ndakaona, m'list munalidi space kumapeto kwa dzina, ndinakopera kuchokera pa WhatsApp. Ndaika strip() yochotsa ma space a m'mbali ndi lower() yosandutsa zilembo kukhala zazing'ono polowetsa maina.

kodi_ya_usiku:
Pamenepo ndagonja, ine ndimangoganiza za sipidi kkkk. Koma china, remove imachotsa dzina loyamba lokha lomwe yakumana nalo. Kwanuko a Phiri ndi a Banda ndi angati m'gulu limodzi? Awiri akafanana dzina muchotsa wolakwika ndipo palibe error yomwe ibwere, try kapena if sizikupulumutsani. Apatseni nambala aliyense, mupange dict yosunga zinthu ziwiriziwiri, nambala ndi ndalama yomwe watsala nayo, poti ena amabweza pang'onopang'ono. Pa dict pop(nambala, None) siidandaula nambala ikasowa, pomwe pop(nambala) imabweretsa KeyError, ndipo pa ndalama za anthu ine ndingasankhe yachiwiriyi.

wa_ku_Santhe:
A Phiri alipo asanu, awiri mpaka dzina loyamba n'limodzi. Nambala zilimo kale m'kabuku ka alembi, ndikatenga Loweruka akakumana.