Ma heat pump akudula masana aliwonse, madzi ochokera pansi akubwera pa madigiri 38

Wamafiriji:
Abale ndithandizeni maganizo, mutu waima. Ndapatsidwa ntchito yosamalira nyumba ya maofesi ya nsanjika zisanu pakati pa tauni, imafunditsidwa komanso kuziziritsidwa ndi ma heat pump (makina osamutsa kutentha kuchoka malo ena kupita malo ena) olumikizidwa ku mapaipi a madzi a pansi pa nthaka. Pansi pa malo oimika magalimoto pali mabowo 20, lililonse mamita 120 kuya, mapaipi ake a pulasitiki ya HDPE a 32 mm opindidwa ngati U. Sindinaike ndine, ndangoipeza, chino ndi chaka chake chachisanu. Ikangokwana cha m'ma 2 koloko masana makina awiri mwa atatu akudula (akuzima okha) pa high pressure, kutanthauza kuti gasi wapanikizika kwambiri, ndikawariseta amayenda ola limodzi kenako adulanso, anthu m'maofesi thukuta kamukamu ndipo foni yanga sikupuma. Gasi ndayeza ali bwino, kondensa ndatsuka. Chikundidabwitsa ndi madzi ochokera pansi, akulowa mu makina ali pa madigiri 38 nkutuluka pa 43.

Wamapaipi:
Achimwene yambani ndi zapafupi. Sefa ya pa laini mwaitsegula? Nanga pampu ikukankha madzi ochuluka bwanji? Ine ndinataya masiku awiri ndikukaikira kompresa chonsecho sefa inali itadzaza tizidutswa ta pulasitiki totsala pomwe ankawotcherera mapaipi.

Wamafiriji:
Sefa ndatsegula dzulo, munali tamchenga pang'ono basi. Mita ikuonetsa malita 5 pa sekondi pa laini yaikulu.

Mayi Injiniya:
Ndiye tiyeni tiwerengere limodzi. Malita 5 kuchulukitsa ndi 4.18 (nambala ya mphamvu yomwe lita imodzi ya madzi imatenga kuti itenthe digiri imodzi) kuchulukitsanso ndi kusiyana kwa madigiri 5 zikutipatsa pafupifupi 105 kW yomwe mukutaya pansi nthawi imeneyo. Mabowo onse pamodzi ndi mamita 2,400, ndiye mita iliyonse ikulandira mawati pafupifupi 44. Katundu wa kutentha ameneyo si wodabwitsa pa nthawi yomwe dzuwa lafika pachimake, kusiyana kwa madigiri 5 nakonso nkwabwinobwino. Chondivuta ine ndi 38 ameneyo. Nthaka ukapitirira mamita 10 kapena 15 kutentha kwake sikusintha kwenikweni chaka chonse, ndiye kuti madzi abwere otentha choncho pali chomwe chachitika pansipo. Muli ndi buku lomwe amalembamo ma reading a zaka zam'mbuyo? Komanso pepala la thermal response test, ija amatenthetsa bowo limodzi masiku awiri kapena atatu asanabowole ena onse.

Wamafiriji:
Mayi ndalipeza mu kabati ya mu plant room. Asanayambe ntchito nthaka inali pa 14. Chaka choyamba nyengo yotentha madzi ankafika 27, chachiwiri 29, chachitatu 33, chatha 36, pano 38. Kumapeto kwa nyengo yozizira chaka choyamba ankatsika mpaka 9, chaka chino sanatsike kupyola 19.

Wobowola:
Eeh akulu, nambala yomalizayo ndi imene ikulankhula. Nthaka yanuyo yakhuta kutentha. Anthu ambiri amaganiza kuti pansi ndi ngati mtsinje woti ukataya chinthu chimapita, ayi, pokhapokha ngati pali madzi oyenda pansipo. Mu mwala wouma kutentha kumayenda pang'onopang'ono kwambiri, mumaika nyengo yotentha mumakatenganso nyengo yozizira, ngati nkhokwe. Mukamaika kwambiri nkumatenga pang'ono chaka ndi chaka zimaunjikana. Ndipo mu tauni vuto limakula chifukwa malo ndi ochepa, mabowo timawathinitsa mamita 5 kapena 6 kutalikirana, ndiye apakati aja azunguliridwa ndi anzawo otenthanso, alibe kotayira. Pamwamba pake pali konkire. Koma onani kudumpha kwa pakati pa chaka chachiwiri ndi chachitatu, kuchoka 29 kufika 33, chinasintha nchiyani mu nyumbamo nthawi imeneyo?

Wophunzira Ntchito:
Pepani akuluakulu ndifunse nawo, ine ndikadali pa maphunziro. Ngati nyumba imafunditsidwanso nyengo yozizira, si ndiye kuti zomwe zalowa zimatuluka zofanana?

Mayi Injiniya:
Funso labwino mng'ono wanga. Sizifanana ngakhale katundu wa nyengo ziwirizi atakhala wofanana ndendende. Poziziritsa, pansi pamapita kutentha kwa mu nyumba kuphatikiza magetsi onse omwe kompresa yadya, ndiye ngati COP (ntchito yomwe makina agwira poyerekeza ndi magetsi omwe adya) ili 4, pa 100 yomwe wachotsa mu ofesi pansi pamapita 125. Pofunditsa zimatembenuka, pa 100 yomwe ofesi yalandira nthaka yapereka 75 yokha, 25 inayo yachokera ku magetsi. Kenako onjezani kuti maofesi amadzitenthetsa okha ndi anthu, makompyuta, magetsi owunikira ndi mawindo agalasi, ndiye amafuna kuziziritsidwa miyezi yambiri kuposa kufunditsidwa.

Wamafiriji:
A Wobowola mwalasa. Ndangocheza ndi woyang'anira nyumba, akuti chaka chachitatu kunalowa kampani ina pa nsanjika ya pansi yomwe inamanga chipinda cha ma seva (makompyuta akuluakulu osunga deta), ndipo anangochilumikiza ku laini yomweyi osauza aliyense wa mapulani. Ndayeza ndi kilampu mita chikudya pafupifupi 15 kW usana ndi usiku osapuma.

Mayi Injiniya:
Ndi chimenecho. 15 kW kuchulukitsa ndi maola 8,760 a pa chaka ndi 131,400 kWh, muonjezepo za kompresa zikupyola 160,000 kWh chaka chilichonse zolowa pansi zomwe wopanga mapulani sanaziwerengere. Ndipo choipa kwambiri nchoti usiku ndi Loweruka ndi Lamlungu, nthawi yomwe nthaka yozungulira mapaipi imayenera kupumako, ma seva akupitirizabe kuithira moto.

Wamapaipi:
Ndikuvomereza koma musanatseke nkhani pitani kaye pa manifold achimwene, pomwe laini yaikulu imagawikira ku mabowo onse. Malita 5 kugawa mabowo 20 ndi 0.25 pa bowo, mu paipi ya 32 mm imeneyo ndi liwiro losakwana theka la mita pa sekondi. Kuti mpweya utuluke pamafunika mamita 0.6 pa sekondi kapena kuposa, ndiye ngati munalowa mpweya tsiku lina posintha pampu kapena valavu, pampu yanuyo siingauchotse yokha. Yang'anani timagalasi toonetsa kuyenda kwa madzi pa laini iliyonse, gwiraninso mapaipi obwerera ndi dzanja mmodzimmodzi.

Wamafiriji:
Ndabwerako, ndinalowa mu dzenje la manifold ndi tochi kukamwa. Mapaipi 17 ndi ofunda ngati madzi osamba, koma nambala 6, 7 ndi 14 ndi ozizira bwinobwino ndipo kachizindikiro ka mu galasi sikakusuntha ngakhale pang'ono. Ndiye kuti katundu yense wakhala pa mabowo 17. Woyang'anira uja akuti pampu imodzi inasinthidwa chaka chatha, anangodzaza madzi nkuyatsa.

Wamapaipi:
Ndinakaikira. Bweretsani flush cart (pampu yamphamvu yotsukira malaini) yokhala ndi thanki yotsegula pamwamba, tsekani malaini onse musiye imodzi, kankhani madzi mpaka thovu lileke kutuluka mu thanki, mutembenuzenso mbali inayo. Kenako tsekani valavu yobwerera mwadzidzidzi pampu ikuyenda muone madzi a mu thanki, akatsika kwambiri ndiye kuti mpweya ukadalimo ukupanikizika. Chitani onse 20 osati atatu okhawo, mukamaliza mubalanse kuti madzi aziyenda mofanana m'mabowo onse. Chosangalatsa nchoti mabowo atatuwo apuma chaka chonse, akuthandizani ndithu masiku oyambirira.

Wobowola:
Akuthandizani koma sachiritsa. Ndipo chonde musalole bwana wa nyumbayo akuuzeni zoti tingobowola ena asanu, pamalo othina choncho makina obowolera alowa bwanji, komanso mukangoonjezera mabowo osakonza chiyambi cha vutoli mwangolikankhira kutsogolo zaka zingapo. Kutenthako kukufunika kotulukira kwina.

Mayi Injiniya:
Ine ndikanachita chonchi. Chipinda cha ma seva chichoke pa laini ya pansi nyengo yotentha, chikhale ndi dry cooler (makina a mafani oziziritsa madzi ndi mpweya wa panja) yakeyake pa denga, koma musadule paipi yakale chifukwa nyengo yozizira kutentha kwa ma seva ndi chuma, kukhoza kufunditsa maofesi mwachindunji. Dry cooler yomweyo mugule yokulirapo kuti usiku mpweya wa panja ukazizira kuposa madzi a pansi ndi madigiri 5 kapena kuposa, muziyendetsa madzi a mabowo kudutsa mmenemo, mafani ndi pampu basi kompresa osayatsa. Ngati kwanuko kunja kumaundana ikani plate heat exchanger (chipangizo chopatsirana kutentha madzi a mbali ziwiri osasakanikirana) pakati, glycol (mankhwala oteteza madzi kuundana) akhale mbali ya pa denga yokha, osamuthira mu mabowo onse chifukwa amalemeretsa madzi pampu nkumavutika. Madzi otentha a m'makhitchini ndi mosambira m'manja nawonso atengeni ku heat pump, ndi pang'ono koma ndi kutentha komwe sikupita pansi. Mizinda ina inaona kale zimenezi nchifukwa chake akulumikiza nyumba zambiri pa laini imodzi, ku yunivesite ya ETH Zurich ku Switzerland pa kampasi ya Hönggerberg akhala akuchita zimenezi kuyambira 2013, nyumba yotaya kutentha imapatsa inzake yofuna kufunda, ndipo ku Framingham ku Massachusetts ku America anayatsa laini yotere ya m'dera mu 2024. Ngati pafupi nanu pali hotela kapena mafulati ofuna madzi otentha tsiku lililonse, nkhani imeneyo ndi yoyenera kuikamba ndi eni ake.

Wamafiriji:
Zikomo kwambiri nonse, ndabwera ndi lipoti. Tachotsa mpweya mu malaini onse Loweruka, nambala 14 inatulutsa thovu pafupifupi mphindi 20. Lero 3 koloko madzi analowa pa 34 ndipo palibe makina omwe adula. Ndalembera mwini nyumba kalata ndi manambala a m'buku muja, wavomera dry cooler, ndapemphanso kuti tiike heat meter pa laini ya pansi kuti tiziona mwezi ndi mwezi zomwe zalowa ndi zotuluka. Mayi Injiniya, mawa ndikutumizirani ma reading a zaka zisanu zonse mundithandize kusankha saizi yake ndisanaitanitse.